Kankhadze Kosafuna Kheni

Ikani makheniwo pansi, ana inu. Osati apa, uko kuseri kwa nkhokwe. Iwe Yamikani, ndati kuseri. Ndikukuona ukudontheza madzi njira yonse. Ku nazale mupita, mbande za fodya sizifa chifukwa choti mwachedwa pang'ono. Atate anu akakalipa munene kuti ndakuimitsani ndine, abwere adzakalipire ine ngati ali nawo mtima umenewo.

Bwerani kuno kukhonde. Pali chinthu chimene ndikufuna muone m'mawa uno, koma sindikuonetsani msanga, chifukwa mukachiona musanamve kumene chinachokera mungoti "oho" n'kumapita. Tadala, foniyo ilowe m'thumba. Sithawa.

Kamtengo kaminga kali mumtsuko apako mumakadziwa. Mumakatchula kuti kamtengo ka agogo, kaja ndimakuthamangitsirani ndi ndodo mukayandikira ndi mpira. Si kanga. Ndi ka agogo anu aakazi, Nabanda, amene iwe Tadala unawapeza pang'ono, koma Yamikani unabadwa atapita kale. Iwo ankangokatchula kuti kankhadze ka pathanthwe. Dzina lina sindikulidziwa, ndipo sindinakumanepo ndi munthu wolidziwa.

Ine ndinakwatira kwa Chisemphere, kufupi ndi malire a nkhalango ya nyama. Masiku amenewo mwamuna ndiye ankasamuka kukakhala kwa mkazi, chikamwini, osati zanuzi zongonyamulana pa njinga yamoto n'kukachita lendi ku boma. Mkamwini ankadzuka nkhuku zisanatsike, khasu paphewa, kukalima munda wa eni mudzi. Akaona apongozi aakazi akubwera panjira ankapatukira kutchire, kaya kuli chitedze kaya kuli minga. Mukuseka? Miyendo yangayi ili ndi zipsera za ulemu umenewo.

Kuseri kwa mudzi wa agogo anuwo kunali thanthwe lalikulu, losalala pamwamba ngati msana wa njovu. Amayi ankayanikapo mphale ndi ufa, ndipo nyengo ya matondo, mphalabungu za m'nkhalango zija, ikafika thanthwe lonse linkada bii ndi matondo owiritsa. Inu mumadziwa a pamsika aja, ouma gwa, mchere wokhawokha. Ife tinkadya ongochoka pamoto, othira nsinjiro za chalimbana, munthu n'kumanyambita chala mpaka pachigongono. Koma ndisasochere.

M'ming'alu ya thanthwe limenelo ndi momwe munkamera kankhadzeka. Dothi munalibe, kanali kafumbi chabe kouluzika ndi mphepo. Mwezi wa Okutobala thanthwe linkatentha moti sukanaponda wopanda nsapato, ngakhale abuluzi ankabisala. Udzu wonse wapsa, mitengo yayoyola masamba. Koma iko kali chiimire pamoto pomwepo, nthambi zake zangodya zinayi, zonenepa ngati chala chachikulu, timinga tiwiritiwiri m'mbali, tsamba ayi ngakhale limodzi. Tsiku loyamba kukaona ndinaima nthawi yaitali ndi mtolo wa nkhuni pamutu, kudzifunsa kuti kodi kameneka kamadya chiyani.

Ndipo ndikuuzeni, ine ndayenda. Ndakhala wangolo zaka zambiri, kututa nkhuni za m'mabalani owotchera fodya, kututa mabelo a fodya, manyowa, njerwa, ngakhale odwala. Kuchokera kwa Chisemphere mpaka ku Mtunthama kulibe njira imene mateyala anga sanapondemo. Nkhadze yaikulu ija ya mpanda ndaiona paliponse, m'makola, kumanda, m'malire a minda. Ina ija yotalika ngati nyumba ndaiona pa chulu. Koma kakang'ono aka, kofika m'bondo, ka mizere yotuwa m'nthambi, sindinakaone pena paliponse kupatula pa thanthwe la kwawo kwa agogo anu.

Atabadwa atate anu a Levisoni, ndinakagwada kwa amalume ake a Nabanda kupempha chitengwa, kuti ndimutenge mkazi wanga tidzakhale kwathu kuno kwa Kaomba, kumene kunali malo olima fodya. Anandizunguza ndithu, koma potsiriza analola. Tsiku losamuka tinapakira pangolo mtondo ndi minsi yake, mphero, nsengwa ya mbewu ya mtedza, nkhuku zomanga miyendo, ndi chipanda cha thobwa chakumwa panjira. Ng'ombe zanga zinali Bantomu ndi Sitima, ndipo Sitima anali waulesi ngati munthu wina amene sindimutchula dzina koma wakhala pafupi ndi mzati apa. Titamanga zonse, Nabanda anasowa. Tinadikira mpaka dzuwa linakwera. Kenako ndinamuona akutsika kuthanthwe, mwana kumbuyo, m'manja atanyamula kanthu kokulunga m'khungwa.

Ndinafunsa kuti, "Kodi zimenezo ndi zamankhwala?"

Iye anati, "Ayi, a Phiri. Ndi kwathu."

"Kwanu tikukusiya kumbuyoku."

"N'chifukwa chake ndatapako pang'ono."

Akazi ena pochoka kwawo ankatenga nthanga za maungu kapena mbewu ya khobwe, zinthu zodya. Wanga anatenga minga. Ulendo wonse anakafumbata pamiyendo, ngolo ikugwedezeka m'mabampu, osalola kuti ndikaike pamodzi ndi katundu.

Titafika kuno, mayi anga, pofuna kusangalatsa mtengwa, anabwera ndi chikho cha madzi kuti akaviikemo. Nabanda anagwada, nathokoza bwinobwino, koma anakana. Anakatenga n'kukakaika pamthunzi pansi pa denga la nkhokwe, n'kukasiya pomwepo. Mwezi unatsala pang'ono kutha kali pompo, kakufota. Ine mtima unkandiwawa ndikadutsapo. Iye ankangoti, "Chilonda chiyambe chapola. Mukakabzala chilonda chili chachiwisi, kaola." Podulidwa paja patauma gwa, anakatuta mchenga wa kumtsinje, naphwanya miyala, naunjika kachulu kumbali kwa nyumba kotulukira dzuwa. Anakazika pamwamba pake pang'ono chabe, nakachirikiza ndi timiyala. Madzi sanathire ngakhale dontho.

Tsono mumvetse, ana inu, kuti kwa munthu wa fodya zimenezi n'zopweteka kuziona. Ife dzanja lathu linazolowera kheni. Mbewu ya fodya ndi fumbi lenileni, ndipo timailera ngati khanda: bedi losalaza, udzu wofunditsa, madzi m'mawa, madzi madzulo, feteleza pang'ono, kuzulira, kumeta nsonga. Ukajomba tsiku limodzi, chaka chonse walira. Kale tinkatunga pachitsime cha kudambo ndi ndowa ya chingwe, mapewa n'kuchita zikang'a. Inu muli ndi mjigo pakhomo koma mumadandaulabe. Ndiye munthu woleredwa motero akaona chomera chili pa dzuwa chopanda madzi, amaona ngati akuonerera mwana akulira ndi ludzu. Kangapo konse ndinkabwera kuchokera kudambo ndi madzi otsala m'kheni, n'kupatukira ku kachulu kaja. Nabanda ankangotulukira, kaya amandionera pati.

"A Phiri, madziwo kasambeni."

Kanagwira. Kanatulutsa nthambi, kanatambalala mpaka kudzaza kachulu konse.

Chimene sindidzaiwala ndi chaka chija mvula inadula chimanga chili pa ngaiyaye. Atate anu anali kamnyamata. Minda inauma ili chiimire, fodya anapsa m'mizere, zitsime za kudambo zinasanduka maenje a fumbi. Anthu tinadya gaga, tinadya mango aawisi ophika, ena anadya mizu imene sindikufuna kuitchula. Bantomu anafa chaka chimenecho. Kankhadze kaja nako kanafota, kanachita makwinya ngati chala cha nkhalamba, mtundu n'kusanduka wofiirira. Ndinauza Nabanda kuti kwanu kuja kwatha. Iye anangoti tidikire. Itagwa mvula yoyamba ya chaka chotsatira, ija yozimitsa malupsa, sipanapite masiku ambiri ndinatuluka m'mawa n'kupeza nthambi zonse zafufuma, zabiriwira, zaima njo. Ife tinali tidakali mafupa okhaokha, ng'ombe zotsala zikudzandira, koma iko kanali katadzuka kale. Ndinachita mantha pang'ono, mantha aja amakugwira m'tchalitchi nyimbo ikakulowa. Kanthu kopanda tsamba, kopanda muzu wozama, kanapirira chimene chinagwetsa ng'ombe yapagoli. Nabanda anati, "Kamasunga madzi ake m'kati. Sikapempha kwa munthu."

Tsono agogo anuwo anali munthu wanthabwala, ndipo apa ndi pamene nkhani ikukhotera. Tsiku lina masana ndikupuma, anabwera akuthamanga kuti m'munda mwalowa njovu. Ndinadzambatuka, ndinatola chitini chomenya, ndinathamanga ndikukuwa mudzi wonse ukumva, n'kukapeza nkhumba ya aneba athu a Gondwe ikufukula mbatata. Anandiseka mpaka Khirisimasi. Ndiye chaka chilichonse chilimwe chikafika, nthawi ngati ino ya nazale, ankandiuza kuti, "A Phiri, kankhadze kachita maluwa, bwerani mudzaone." Ine ndili ndi goli paphewa, ng'ombe zikudikira, ndinkaponyako diso ndili chiimire n'kuona minga yokhayokha.

"Maluwa ake ndi a njovu ija," ndinkatero.

"Gwadani muone."

"Ndigwadire minga? Kuti mukauze amayi a kumvano kuti mwamuna wanga wayamba kupembedza mtengo?"

Iye ankaseka, ine ndinkaseka, ngolo n'kunyamuka. Inasanduka nthabwala yathu ya chaka ndi chaka. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti akufuna andigwaditse kuti apeze chondiseka nacho. Kenako maso anga anayamba kuchita chifunga, ng'ala ikubwera pang'onopang'ono, moti ngakhale ndikanagwada sindikanaona kanthu. Kenako Nabanda anadwala, ndipo anatisiya nyengo ya masika, chimanga chili m'munda.

Patapita chaka ndinauza atate anu kuti anditengere kwa Chisemphere pa njinga yamoto. Ndinkafuna kukadula kena kuti kaja ka pakhomo kakhale ndi kanzake, chifukwa chinthu chimodzi sichichedwa kutha. Tinafika, koma thanthwe sitinalipeze. Anthu anali atalitentha ndi mateyala kuti ling'aluke, n'kumaliphwanya ndi nyundo, miyala ili milumilu m'mbali mwa msewu kudikira magalimoto a omanga nyumba. Sindikuwanena, njala siyang'ana kuti ili ndi thanthwe la ufa wa agogo. Atate anu anazungulira ponseponse, anasuzumira m'ming'alu yotsala, anafunsa amayi amene ankaphwanya miyalawo. Wina wachikulire anati amakakumbukira, koma papita nthawi asanakaone. Ine ndinangotola kamwala kamodzi n'kuika m'thumba la jekete. Pobwerera ndinadziwa kuti kamene kali kumbali kwa nyumba yanga ndi kokhako kamene katsala, mwina padziko lonse, mwina ayi, koma kwa ine ndi kokhako.

Ng'ala inakula mpaka ndinkangosiyanitsa usana ndi mdima. Kankhadze ndinkakayendera ndi ndodo, kukagogoda pang'ono kuti ndimve ngati kali kolimba. Ndiye zaka ziwiri zapitazo azakhali anu a Esinati anabwera kudzanditenga kuti akandipale maso ku chipatala cha ku Lilongwe. Munali mu Okutobala. Anapala diso limodzi, n'kudikira, n'kupala linalo, ndipo ndinakhala kwa azakhali anuwo mpaka mitambo itayamba kusonkhana.

Za kuona ndingakuuzeni tsiku lonse. Atachotsa thonje lija, ndinaona mtengo uli panja pa windo, tsamba lililonse palokhapalokha. Ndinali nditaiwala kuti mtengo uli ndi masamba owerengeka. Ndinkangoti ndi chimthunzi. Ndinaona manja angawa n'kudabwa kuti akalamba liti. Ndipo nditatsika basi kuno, ndinakuona iwe Yamikani koyamba bwinobwino, n'kupeza kuti unatenga makutu a agogo ako aakazi, oimirira ngati a mleme. Usawagwire, ndi abwino.

Koma kuno kumudzi kunali kutachitika zina. Ine nditachoka, dzuwa linakula, kankhadze kanafota n'kufiira monga kamachitira chaka chilichonse. Amayi anu a Namwale anakaona, chifundo chinawagwira. Anakambirana ndi atate anu. Atate anuwo ankadziwa kuti mayi awo sankakathirira, koma ankayesa kuti chinali chifukwa cha kutalika kwa madzi masiku amenewo. Tsopano mjigo uli pakhomo, akanizirenji? Ndipo mukudziwa kuti m'dera lino mulibe munthu wodziwa nazale kuposa atate anu. Anakachitira zonse zimene amachitira mbande yapamtima. Anakumbira manyowa a khola m'mbali, anawaza feteleza, anafunditsa udzu, anamanga kamthunzi kaudongo ka mapesi. Amayi anu pobwera ku nazale ankasunga kheni imodzi yodzaza, m'mawa ndi madzulo, osajomba.

Ndinafika masana. Ndisanalowe n'komwe m'nyumba ndinazungulira kumbali kuja kuti ndikaone ndi maso atsopano chimene ndinakhala ndikuchigogoda ndi ndodo. Ndinapeza kamthunzi kokongola. Pansi pake nthambi zinali zobiriwira, zonenepa kuposa kale. Koma panali fungo. Ndinakankha udzu uja ndi ndodo, ndipo ndinaona kuti tsinde lonse lada, lafewa ngati dzungu loola. Nditangogusa pang'ono, chitsamba chonse chinagwera kumbali.

Inu mumandidziwa kuti pakamwa panga sipachedwa. Mawu anali atafika kale pammero. Koma nditatembenuka ndinaona amayi anu atagwada poteropo pafupi ndi mtondo, patali monga achitira mtengwa kwa apongozi ake, nkhope ili pansi.

Anati, "Bambo, timafuna kuti mukatsegula maso mukapeze kali kobiriwira."

Atate anu anaima kumbuyo kwawo, chipewa chili m'manja. Anati, "Tinakasamala ndithu, bambo. Sitinajombe ngakhale tsiku limodzi."

Ndikanati chiyani? Ankanena zoona. Ndinameza mawu aja, ndipo anandiwawa potsika. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo. Ndikuuzeni mosabisa, ndinamva ngati Nabanda wamwaliranso kachiwiri, ndipo ulendo uno ndikuona ndi maso. Inu munali pakhonde pano tsiku limenelo, munaona amayi anu akulira, koma palibe anakuuzani chifukwa chake. Chifukwa chake n'chimenechi.

Nditapuma ndinayamba kugogoda nthambi imodziimodzi. Zonse zinali zitalowa madzi m'kati, kupatula imodzi ya pamwamba penipeni imene inkamveka yolimba. Ndinati tidule imeneyo, mwina. Koma utomoni wa nkhadze, woyera ngati mkaka uja, ndi mdani wa maso. Ukagwera m'diso umatentha ngati moto, ndipo munthu ayenera kutsuka ndi madzi ambiri n'kuthamangira kuchipatala. N'chifukwa chake ndimakuthamangitsani ndi mpira wanu, si nkhanza. Ine maso anali ongopala kumene, adokotala atandiuza kuti ndisayandikire ngakhale utsi. Atate anu anatulutsa mpeni, koma amayi anu anayankhula akadali chogwada.

"Ndinathira madzi ndine. Mundilole ndidule ndine."

Ndiye zinatero. Anavala majumbo a shuga m'manja, anapereka msana kumphepo. Ine ndinaima patali pa mtondo paja, mwambo ndi matenda zitagwirizana tsiku limenelo, n'kumalangiza mokweza.

Anadula koyamba. Ndinafunsa kuti m'kati mukuoneka bwanji.

"Mwakuda, bambo."

"Kwezani mpeni. Pukutani kaye."

Anadulanso. "Muli kamzere kofiirira pakati."

"Kwezaninso."

Nthambi inali kufupika, ndipo tonse tinkaona kuti ikufupika. Atate anu anatembenuka kuyang'ana kumunda. Amayi anu anapukuta mpeni paphulusa, nadula kachitatu pafupi ndi nsonga. Anayang'ana podulidwapo. Kenako anati, "Mwayera. Mkaka ukutuluka." Chimene chinatsala m'dzanja lawo chinali kachidutswa kotalika ngati chala changa ichi. Thanthwe lonse la kwa Chisemphere linali litatsala pamenepo.

Tinakakaika pamwamba pa mikangala, mitengo yopachikira fodya ija, m'chigafa, mmene munalibe fodya nthawi imeneyo, kuti chilonda chipole. Apa ndiye panali nkhondo. Mvula inagwa, mudzi wonse uli kalikiliki kuwokera fodya, ndipo kachidutswa kathu kali gone pamtengo, kakufota tsiku ndi tsiku. Atate anu sankagona nazo. Anabwera kwa ine kangapo.

"Bambo, mbande yozula m'mawa ikafika madzulo isanalowe m'dothi ndiye kuti yatha. Aka kakhala masabata. Tikuphanso kachiwiri."

"Si fodya ameneyu, Levisoni."

"Ndingokanyowetsa ndi chala, pang'ono chabe."

Ndisanayankhe, amayi anu anayankhira kukhitchini, mawu otsika koma omveka: "Bambo a Tadala, musakakhudze." Ndinadziwa pamenepo kuti kankhadze kapeza mwini wake watsopano. Mawu ake anali omwe aja a "madziwo kasambeni," kungosintha pakamwa.

Podulidwa paja patauma, tinatenga mtsuko wakale wa Nabanda, uwu wobooka pansiwu, umene unkangosungira nkhuku mazira. Amayi anu anakatuta mchenga kumtsinje, ine ndinaphwanya miyala. Ndinatulutsa kamwala kaja ka m'jekete n'kuchirikiza nako. Ndi ako kakuoneka kotuwako. Tinaika mtsuko pano pansi pa denga, pofika dzuwa la m'mawa koma posafika mvula.

Dzinja lonse sikanasinthe. Sikanafe, sikanakule, kanangokhala. Fodya anakula, tinathyola, tinasoka, chigafa chinadzaza, iko kali chomwecho. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene ananena mawuwo sanali ndi mtima ngati wanga. Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinatambasula dzanja kuti ndikazule pang'ono ndione ngati kuli mizu. Ndinangomva kutsokomola kumbuyo. Amayi anu ali ndi tsache m'manja, patali pawo pomwe paja.

"Bambo, munatiphunzitsa nokha."

Ndinabweza dzanja ngati mwana wogwidwa pa shuga. Ndipo nthawi ya masika, tikusankha fodya, ndinaona pansonga pake kadontho kobiriwira mowala, kochepa ngati njere ya mpunga. Ndinaitana atate anu. Anayang'ana, anavula chipewa, anavalanso, nabwerera kuchigafa, koma tsiku lonse ankaimba nyimbo za kwaya akumanga mabelo. Kuyambira pamenepo kakhala kakuwonjezera nthambi pang'onopang'ono, mpaka kufika pamene mukukaonapa. Madzi kamalawa mwa apo ndi apo, mchenga ukauma mpaka pansi, ndipo wopereka ndi amayi anu okha, ndi kachikho, osati kheni.

Tsono lero m'mawa, inu mutapita kumjigo, ndinali m'nyumba ndikumwa tiyi. Ndinamva tsache likusesa pakhonde pano, kenako linasiya. Panapita kanthawi. Ndinamva amayi anu pakhomo.

"Bambo, tatulukani mudzaone."

Ndinatuluka, ndinayang'ana mtsuko ndili chiimire. Minga yokhayokha.

Iwo anati, "Koma mugwade."

Mawu amenewo amayi anu sanawamvepo kwa munthu. Nthabwala ija inali ya anthu awiri, ndipo mmodzi ali kumanda. Ndinagwira mzati, maondo akulira ngati chitseko chakale, ndinatsika mpaka pansi. Ndinayandikiza nkhope, osapitirira, poopa utomoni.

Ana inu, alipo. M'mphepete mwa nthambi, pakati pa timinga tiwiritiwiri tija, mwandandana timaluwa tating'ono ngati njere za mapira. Tachikasu, m'milomo mwake mofiira, ndipo pakati pa kalikonse pali kadontho konyezimira ngati uchi. Tinyerere takwera kale kudzamwa, ndi tintchentche tina tobiriwira timene sindinationepo chibadwire. Kunja kuno kuli fumbi, tchire lapsa, ng'ombe zikudya mapesi ouma, ndipo kanthu aka kasankha nthawi yomweyi kuti katulutse uchi. Ndakhala ndikuganiza kuyambira m'mawa kuti Mulungu anakhala pansi n'kukonza kakang'ono chotere, mwaluso chotere, n'kukaika pamng'alu wa thanthwe pamene panalibe wokaona koma nyerere ndi mtsikana mmodzi woyanika ufa. Ndaimba m'tchalitchi zaka zonsezi za ntchito za manja ake, koma lero ndiye ndasowa mawu.

Ndinakhala chogwada mpaka tiyi anazizira. Amayi anu anandisiya ndekha, ndipo ndikuwathokoza.

Ndiye bwerani. Mmodzimmodzi, manja kumbuyo, osakhudza. Yamikani, yamba ndiwe. Ayi, kuwerama sikukwana, ine ndinayang'ana osagwada zaka makumi angapo osaona kanthu. Gwada, maondo afike pansi. Tadala, ndakuona dzanja likupita kuthumba. Ujambula pambuyo pake, yamba waona ndi maso ako.

Mwawaona?

Chaka ndi chaka ankandiitana pa kachulu kaja, ine n'kumamuyankha za njovu. Nabanda sankandinamiza. Ankangofuna ndione kwawo.